Khomo la mu Laputopu ya a Hermínia

Nkhani iyi sindinaitole m'mabawa ayi. Inachitikira ku Sanjala konkuno, m'tauni ya Lichinga, m'nyumba ya malata obiriwira ija ili kuseri kwa mitengo ya paini, ndipo mwini wake, mayi Hermínia, alipo mpaka lero, amagulitsa nyemba pakhonde. Amene anandiuza ndi a Maria José, oyandikana nawo mpanda, munthu woti ngakhale pa mtengo wa tomato sanama. Mwana wa a Hermínia, Eveline, yemwe amaphunzira unamwino ku Nampula, anavomereza zonse atabwera pa Khirisimasi. Wofuna kutsutsa atsutse, koma akaonane kaye ndi anthu awiriwa.

Amuna a mayi Hermínia, a Frederico, anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pakati. Anali ndi munda wa mbatatesi kwawo ku Chimbonila, ndipo ankapitako Lolemba n'kubwerako Lachisanu madzulo. Ponyamuka ulendo womalizawo ananena zomwe ankanena masabata onse, zoti Lachisanu asadzawatsekere chitseko msanga. Lachitatu anawapeza atagwa pakati pa mizere, khasu lili m'manja. Msewu unali phala lokhalokha, magalimoto ankatitimira, choncho abale anagwirizana zoti maliro aikidwe komweko. Thupi silinabwere ku Lichinga kudzatsanzika nyumba imene munthuyo anamanga ndi manja ake.

Tsono banja limeneli lili ndi mwambo wake. Nthawi ya nkhondo linathawira ku Malawi, ndipo bambo awo a Frederico anafera komweko. Pobwerera, mayi awo asanalowe m'nyumba anaima pakhomo n'kuitana malemuwo ndi dzina, kuwauza kuti ulendo watha, alowe. Kuyambira pamenepo, aliyense wa banjalo akafera kutali ndi nyumba yake amamuchitira zomwezo. Alamu awo a Hermínia anawakumbutsa zimenezi pokwera shapa, minibasi yobwerera kutauni, iwo n'kugwedeza mutu. Koma atafika ku Sanjala anatsegula, n'kulowa, n'kutseka, n'kukhala pampando nsapato zili kumapazi mpaka kunacha. Sikuti anakana mwambo. Pakamwa panangouma basi.

Ndipo sanalire. Kumanda sanalire, pa misa sanalire, anthu mpaka anayamba kunong'onezana, inu mukuwadziwa anthu mmene alili. Chakudya ankadya ngati akumwa mankhwala. Tiyi ankazizirira m'kapu. Munthu akawafunsa za moyo ankangoti alipo, n'kumayang'anabe kumene amayang'anako. Usiku sankagona, masana sankadzuka kwenikweni.

Za laputopu anayambitsa ndi Eveline. Foni ya mayi ake inali yong'aluka galasi, ndipo mawu okha sankamukwanira, ankafuna aziona ngati akuwonda. Anawauza kuti si za yatsopano ayi, agule yogwiritsidwapo kale ntchito, zija amazikonzanso n'kumagulitsa motchipa. Ntchito yake ikhale yochepa: kuonera novela, masewero a pakanema aja, kumvera kwaya, ndi kuimbirana moonana nkhope Lamlungu lililonse madzulo. A Hermínia sanavomere ndipo sanakane. Tsiku lina mu Juni, kuzizira kwa Lichinga kutafika poti madzi amaluma m'manja, anangovala juzi n'kutsikira kumsika.

Analowa m'kaloja, kasitolo ka mnyamata wina, Dionísio, kopapatiza, mawaya ali lendelende kudenga, mukununkha fumbi lotentha. Dionísio ndi wolongolola, wailesi imachepa. Anawatulutsira yakuda, yokandika pang'ono pachivundikiro, mabatani ena atafufutika zilembo. Anati batire waikamo latsopano, chaja ndi yakeyake, ndipo zonse za mwini wake woyamba anazifufuta, mkati mwayera ngati mbale yotsuka. Anatchula mtengo n'kudikira kuti anenerere. Sananenerere. Mnyamatayo anachita kudabwa, chifukwa pamsika wa Lichinga munthu wosanenerera mtengo ndiye kuti china chake chathyoka mkati mwake.

"Imaonetsa nkhope?" Funso lawo linali lokhalo.

Anati imaonetsa bwino kwambiri, n'kuwalozera kadiso ka kamera pamwamba pa galasi. Anawaphunzitsa podina poyankha foni, iwo n'kuikulunga m'kapulana, chitenje chawo chija, n'kumapita.

Kunyumba anaiika patebulo la pabalaza, pomwe pankakhala wailesi ya malemu. Akakhala pamenepo, chitseko cha panja chimakhala kumbuyo kwawo, ndipo mpando wamatabwa wa a Frederico umakhala kumanja, pafupi ndi zenera. Sabata yoyambayo anaonera novela mawu atachepetsa. Anthu a pagalasiwo ankakondana, kumenyana, kulira, iwo ali duu, manja pamiyendo.

Lamlungu Eveline anaimba. Kumzikiti anali ataitana kale swala ya madzulo, utsi wa makala unali utayala m'bairo monse, m'dera lathu lino, nkhungu ikutsika m'mapaini. Chithunzi chinkadukaduka koma nkhope inkaoneka. Mwanayo anasimba za mayeso, za kutentha kwa ku Nampula, za mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Kenaka anayandikitsa nkhope yake pagalasi.

"Amayi, mlendoyo simumulowetsa? Kumeneko kukuziziratu."

A Hermínia anacheuka. Chitseko chinali chotseka, mpiringidzo uli m'malo mwake. Anamuuza kuti kulibe munthu. Eveline anaseka, n'kunena kuti ndi netiweki yoipa, imaonetsa zithunzithunzi.

Lamlungu lotsatira Eveline sanaseke. Anaitana mnzake uja kuti adzaone, ndipo onse awiri anaona chinthu chimodzi. Pachithunzipo, chitseko cha kumbuyo kwa mayi ake chinali chotsegula. Panja, pasitepe, panaima munthu. Kuwala kwa madzulo kunali kumbuyo kwake, motero nkhope inali mdima wokhawokha. Sankagwedezeka. Manja anali lende m'mbali.

Eveline anawauza monong'ona kuti ayang'ane kabokosi kakang'ono ka pakona, momwe munthu amadziona yekha. Anayang'ana. Anadziona okha, otuwa, mpango utapendekeka. Kumbuyo kwawo khomo linali pululu, munthuyo ali chilili. Anacheuka. Chitseko chotseka. Anabwezanso maso pagalasi. Chotsegula.

M'nyumbamo munamveka fungo la dothi lonyowa, lija limatuluka ukangozula mbatatesi. Mvula inali italeka mu Epulo. Agalu a m'bairo, amene nthawi imeneyo amakhala atayamba phokoso lawo, anali zii.

Wina akanakuwa, wina akanathawira kwa aneba. A Hermínia anatseka chivundikiro, n'kumwa tiyi wawo wozizirayo mpaka kumaliza. Mantha sanawamve. Sanamve kanthu.

Eveline ndiye sanagone nazo. Anaimbira a Maria José akulira, ndipo mawa lake dzuwa likulowa mayiwo anabwera kuti adzionere okha. Anakhala pambali pa a Hermínia n'kuwauza kuti ayatse kamera. Akuti atangoona, anangopezeka ali pakona, korona ili m'manja, osadziwa kuti afikapo bwanji. Atapezako mpweya anagamula mlandu pomwepo. Vuto ndi katundu wa kale. Kodi zovala za kalamidadi, za kaunjika zija, si paja timayamba taziviika m'madzi amchere tisanavale, poti sitidziwa anavula ndani? Mwini wa laputopuyi anafa, abale ake adyera anaigulitsa katundu wa masiye asanagawidwe, ndiye mzimu ukulondola chinthu chake. Vuto linali loti laputopu siviikidwa. Anangonyowetsa kansalu m'madzi amchere, n'kudonthezerapo madzi odalitsa, n'kuipukuta mbali zonse.

Tsiku lotsatira anayatsanso. Munthuyo analipo. Anali atasendera. Nsonga za nsapato zake zinali zitafika penipeni pamene simenti ya panja imakumana ndi ya m'nyumba. Pamenepo ndi pomwe anaima.

"Mana, mchemwali wanga, ndimvereni," anatero a Maria José motsitsa mawu. "Zivute zitani, musadzanene kuti lowani. Chinthu chosachidziwa ukachilowetsa, chimatuluka ndi mwini nyumba."

A Hermínia anagwedeza mutu, monga anagwedezera kwa alamu awo pa shapa paja.

Eveline ankati aitaye m'chimbudzi. A Maria José anakana, ati katundu wa wakufa satayidwa, amabwezedwa kwa eni ake, apo ayi mzimuwo udzakhala pakhomo pako mpaka kale. Choncho Lachinayi amayi awiriwo anapita kwa Dionísio. Poyamba anapsa mtima, ati akufuna kumuonongera malonda, iye sagulitsa za akufa. A Maria José atamuuza kuti ngati ali wolimba mtima apite akayatse yekha madzulo, kulongolola kunatha. Anaulula kuti imeneyo sinachokere kunja ngati zinazo, anaigula kwa mphunzitsi wina wa ku Namacula, profesora Esperança, ngakhale anali asanamuonenso chigulireni. A Maria José anati basi, ndi yemweyo, Mulungu amulandire.

Anapita ku Namacula ngati anthu opita kukapepesa maliro, mipango kumutu, shuga m'kajumbo, laputopu m'kapulana. Pageti anakonza nkhope. Ndiye anapeza mayi wonenepa bwino akuanula zovala pachingwe, akuimba. Atafunsa za malemu profesora Esperança, mayiyo anaseka mpaka kugwira mtengo wa chingwecho. Esperança anali iyeyo. Laputopuyo anaigula yatsopano, sanabwerekepo munthu, ndipo pakhomo pake sipanagwe maliro chimangireni nyumba. Anaigulitsa chifukwa ankafuna firiji yoti azigulitsa mafirizesi kusukulu, basi.

A Maria José sanakhutire. Anapempha kuti aiyatse pomwepo, poti dzuwa linali likulowa, nthawi yake yomwe ija. Anaiika patebulo la mphunzitsiyo, khomo lili kumbuyo kwawo. Pagalasi panaoneka amayi atatu ndi katani yamaluwa ikukupizidwa ndi mphepo. Anadikira mpaka kunja kunachita mdima. Pakhomo sipanaime munthu.

Shuga uja anabwerera naye. A Maria José ankayenda pang'ono patsogolo, chifukwa anali atazindikira chimene sankafuna kuzindikira: laputopuyo sinabwere ndi munthu. Inangoonetsa amene analipo kale. Atafika pa mapaini a ku Sanjala, a Hermínia anafunsa kuti mawa ndi lachingati. Anawayankha kuti Lachisanu.

Ine ndimaganiza kuti ankadziwa kuyambira tsiku lomwe anayang'ana m'kabokosi muja. Munthuyo phewa lake lamanja linali lotsika, ndipo a Frederico phewa lamanja linatsika kalekale ndi matumba a mbatatesi. Mkazi woti wakhala ndi mwamuna mpaka kukuza mwana amamudziwa ngakhale pa chithunzithunzi. Koma kuvomera kuti ndi iwo kunali kuvomera kuti anafadi, ndiponso kuti miyezi yonseyi anawatsekera panja. Kunali kosavuta kupita ku Namacula ndi shuga.

Lachisanu masana a Maria José anasuzumira pampanda n'kuona zachilendo. A Hermínia anali atasesa bwalo. Anakolopa pabalaza, anapukuta mpando wamatabwa uja, anatereka madzi osamba pambaula. Patebulo anaika makapu awiri. A Maria José anawaitana n'kuwachonderera, kuwakumbutsa kuti ali ndi mwana amene sanamalize sukulu.

"Nanga akakutengani, mana?"

"Akhala panja kuyambira Febuluwale," anatero a Hermínia. "Kuzizira kumeneku mukukumva inu?"

A Maria José kulowa nawo m'nyumba sanalimbe mtima, koma kuchoka pampanda sanachokenso. Anaima pomwepo, pomwe ankatha kuona khomo.

Dzuwa linalowa. Kumzikiti anaitana. Nkhungu inatsika. Njinga yamoto inadutsa kumsewu, phokoso lake n'kuzimirira. Kenaka zii. Ngakhale mapaini analeka kuwomba.

A Hermínia anatsegula laputopu. Kadiso kanayaka. Pagalasi khomo linali lotsegula. Analipo. Chipewa anali atavula, atachigwira ndi manja awiri, monga amachitira munthu wodikira kuti amuyankhe odi.

Fungo la dothi linadzaza nyumba.

Anaimirira. Mawondo ankalira. Anapita kuchitseko chenichenicho n'kuchotsa mpiringidzo. Anatsegula. Panja panali nkhungu yokha, ndi sitepe youma. Mphepo inawalasa kumaso.

Anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anayesanso. Chimodzimodzi. Mwambowo umafuna dzina, ndipo iwo dzina la amuna awo anali asanalitchule chikwatiwireni, ankangoti bambo a Eveline. Anagwira mphuthu ya chitseko.

"Frederico," anatero. "Ulendo watha. Lowani, mwafika kwanu."

Palibe chinayankha.

Kenaka pasitepe panamveka kugogoda. Gu. Gu. A Maria José amalumbira kuti anakumva ali pampanda, ndipo anakuzindikira, chifukwa anakhala akukumva Lachisanu lililonse kwa zaka zambiri. Ndi mmene a Frederico ankamenyetsera majombo awo pasitepe kuchotsa matope asanalowe.

A Hermínia anapatuka pang'ono, ngati mmene umapatukira munthu wonyamula katundu. Kuzizira kunawadutsa paphewa. Kunali ndi fungo la utsi wa kumunda ndi thukuta. Kumbuyo kwawo, pafupi ndi zenera, mpando wamatabwa unalira kamodzi.

Chimene chinamveka pambuyo pake, anthu a mbali imeneyo ya Sanjala sadzachiiwala. Kunali kulira kwa maliro atsopano, kochokera pansi pa mimba, kopanda mawu. Anthu anatuluka m'nyumba ndi matochi akufunsana kuti wamwalira ndani. A Maria José ndi amene anayamba kulowa, akuganiza kuti zomwe ananena zija zachitika. Anawapeza amoyo, atakhala pansi, mutu atautsamiritsa m'mbali mwa mpandowo, akulira misozi ya miyezi yonse ija. Pasimenti yokolopa ija, kuchokera pakhomo kukafika pampando, panali timadontho ta matope ofiira, onyowa. A Maria José anakhudza kamodzi ndi chala. Kanali kozizira.

Usiku umenewo a Hermínia anagona mpaka dzuwa linakwera. Atadzuka anati akumva njala.

Lamlungu Eveline anaimba. Anayang'ana kumbuyo kwa mayi ake nthawi yaitali. Chitseko chinali chotseka, mpiringidzo uli m'malo mwake, monga chinalili m'nyumbamo. Mtima wa mwanayo unakhala pansi.

"Apita, amayi?"

"Sanapite," anatero a Hermínia. "Alowa."

Atatero anatambasula dzanja n'kuipotoza laputopuyo pang'ono kumanzere, kuti mbali ya kuzenera isaoneke.

Laputopuyo ikugwirabe ntchito bwinobwino. Amaonerapo novela, masiku ano mawu atakweza, ndipo akuti amakalipira anthu a pagalasiwo akamachita zopusa. Dionísio amauza makasitomala ake kuti katundu wake alibe vuto lililonse, ndipo pamenepo sanama. Mlendo akafika kwa a Hermínia amapatsidwa mpando wapulasitiki. Wamatabwa uja ulipobe pazenera, wopukutidwa bwino, ndipo kamera sinayang'anitsidwepo kumeneko.

Ndinawafunsa a Maria José ngati sanayesepo kuipotoza mwini wake atatuluka, kungosuzumira kamodzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati ineyo ndikanatero.